Mtengo wokumbukira bambo: ndi uti ungapirire mumgolo kuno ku Harare?

Nambewe, Mufakose:
Moni nonse a pagulu. Ndabwera ndi pempho. Mu Disembala chikwana chaka bambo athu chimwalirire. Tinakawaika kwathu ku Ntcheu monga anafunira eni ake, ndipo za chiliza akuyendetsa ndi achimwene komweko. Ine kuno ndilibe poti ndingalozere ana kuti agogo anu tiziwakumbukira apa, ndiye ndaganiza zodzala mtengo. Vuto ndi lakuti ndili pa lendi, zipinda ziwiri kuseri kwa alandilodi, ndipo moyo wa lendi mukuudziwa: lero uli pano, mawa akuuza kuti mwana wawo akukwatira akufuna chipinda. Pansi sindingadzale. Ndikufuna wa mumgolo woti ndikamasamuka ndizikweza limodzi ndi katundu. Ukhale wopirira, chifukwa ndimachoka m'mamawa kubwera usiku, ndipo madzi kumpopi amatuluka akafuna okha. Pakhonde dzuwa limawomba kuyambira m'mawa mpaka cha m'ma 2 koloko. Bambo ankakonda msasa, makamaka ukafiira mu Ogasiti muja. Ungatheke?

Make Chisomo, Glen View:
Pepani achemwali, Mulungu apitirize kukutonthozani. Maganizo abwino kwambiri amenewa. Za mitengo ine ndine mbuli, ndidikira nawo mayankho.

Aphiri a Nazale:
Pepani mayi. Ine ntchito yanga ndi yomweyi, ndimagulitsa mbande m'mbali mwa msewu, ndiye ndikuuzani mosabisa: msasa musiyeni m'tchire. Mtengo umenewu ukamera, zaka zoyambirira mphamvu zonse umaziponya ku muzu umodzi wopita pansi kwambiri, kumwamba n'kumaoneka ngati wapinimbira. Muzu umenewo ukagunda chitsulo cha mgolo umapindika, mtengo n'kuyamba kudwala. Komanso umafuna dothi la m'nkhalango mwake momwe mumamera bowa, chifukwa mizu yake imadalirana ndi bowayo. Alipo anthu amene amausunga m'timiphika n'kumaudulira kuti ukhale waung'ono, koma amenewo amauyang'ana tsiku ndi tsiku. Inu mwanena kale kuti mumabwera usiku.

Angozo, Mabvuku:
Nanga osangodzala wakwathu bwanji? Mkungudza wa ku Mulanje. Ndi mtengo wa fuko la Malawi, ulemu wake ndi woyenera munthu wamkulu. Basi ikamachokera ku Blantyre wina angotitengerako kambande.

Aphiri a Nazale:
Angozo, mkungudza uja kwawo ndi pamwamba pa phiri, pamtunda wa mamita pafupifupi 2,000, m'nkhungu ndi chiperoni. Harare ali pa mamita pafupifupi 1,500, inde ndi kokwera, koma kuyambira Meyi mpaka Okutobala kuno kuli gwa, mpweya wouma. Mumgolo pakhonde la ku Mufakose, Okutobala woyamba yemweyo watha. Ndiponso mtengowu watsala pang'ono kutheratu kuphiriko chifukwa chodula ndi moto, mbande zomwe akufesa n'zobwezeretsa komweko. Za basi nazonso, mbewu yokhala ndi dothi sidutsa pachipata popanda chikalata cha a zaulimi, ndipo njira ya ku Tete ili ndi zipata za mayiko atatu. Mudzayamba kufotokoza pa Mwanza, mukafike pa Nyamapanda mbandeyo itafota kale.

Angozo, Mabvuku:
Chabwino, mwandigonjetsa. Nanga mbawa?

Aphiri a Nazale:
Mtengo waukulu wotchuka wa m'nkhalango ya Chirinda ku Chipinge uja ndi mbawa. Muuike mumgolo?

Gogo Nangozo, Highfield:
Mwanangu Nambewe, pepa. Bambo ako ndinkawadziwa kutchalitchi, munthu wosakonda zolongolola. Ine ndifunse kaye: abale kumudzi wawauza? Mtengo wa munthu womwalira si maluwa wamba. Tsiku lina ukadzauma, azakhali ako akadzamva adzati ndi malodza, ena adzati malemu akwiya. Ine zimenezi ndaziona. Pamene makolo athu ankabwera kuno kudzagwira ntchito m'mafamu ndi m'migodi, ambiri sanabwerere, anaikidwa kuno komweko, ndipo pamanda ankazikapo nkhadze chifukwa sifa. Ukadula kanthambi n'kubaya pansi basi yagwira, mbuzi siikonda, chilala sichiipha. Ngati ukufuna chosafa, nkhadze ilipo.

Nambewe, Mufakose:
Zikomo agogo. Achimwene ndinawauza, anavomera, koma azakhali sindinawauze, ndiwaimbira Lamulungu. Nkhadze ndikuopa ana. Wamng'onoyu ali ndi zaka zitatu, chilichonse amathyola.

Nasibeko, namwino:
Nkhadze ayi ndithu pakhomo pa mwana. Utomoni wake woyera uja ukalowa m'maso umawotcha koopsa, munthu amatha kukhala masiku osaona bwino, ndipo mwana akathyola amapikitira m'maso nthawi yomweyo. Frangipani nayonso ili ndi utomoni woyabwa, ngakhale siifika pa nkhadze. Ndatchuliratu chifukwa ndikudziwa wina aitchula, imapezeka kwambiri kumanda a m'tauni.

Make Chisomo, Glen View:
Ndimati ndiitchule ine kumene! Maluwa ake amanunkhira bwino madzulo.

Che Mdala wa ku Mbare:
Pepani achemwali. Ine ndili ndi mlambe mumgolo, ndinachita kufesa njere za malambe ogula pa Mbare Musika. Ndinazikhula pang'ono pa simenti, n'kuziviika m'madzi ofunda, zinamera. Kupirira ludzu palibe angaupose, umasunga madzi m'thunthu. Mutha kupita kumudzi mwezi wathunthu, mudzaupeza uli moyo. Ndipo bambo a ku Ntcheu mlambe ankaudziwa, ukamatsikira ku Bwanje ndi ku Balaka ili mbwee.

Aphiri a Nazale:
Che Mdala akunena zoona, koma anene zonse. Mlambe ndi mtengo wa kotentha, kuno umauona ukamapita ku Kariba kapena ku Birchenough Bridge, osati pamtunda pano. Mu Juni ndi Julayi chisanu chikagwa, makamaka m'malo oyandikana ndi dambo, waung'ono umapsa nsonga. Ndipo ukayoyola masamba sufuna madzi ngakhale pang'ono. Pamenepa ndi pomwe anthu amaupha: amauona uli mbulanda miyezi yambiri, mtima n'kuwawa, n'kumathirira tsiku lililonse, muzu wonenepa uja n'kuwola. Tangoganizani mayiwa, mtengo wa bambo awo uli ndodo yokhayokha kuyambira Meyi mpaka mvula, mlendo aliyense akufunsa kuti kodi wauma?

Che Mdala wa ku Mbare:
Zoona, wanga panopa ndi ndodo. Akazi anga amayanikapo kansalu kotsukira mbale.

Nabanda, Avenues:
Ine ndili pa fulati, chilichonse changa chili m'zidebe. Ndikanati mandimu. Amakhala obiriwira chaka chonse, maluwa amanunkhira, zipatso mumamwera tiyi chimfine chikabwera. Mugule womezanitsa, umabereka pakatha zaka ziwiri kapena zitatu. Wofesa njere mudikira zaka zambiri ndipo minga yake ndi yoopsa. Bambo anu sanagwireko ntchito ku Mazowe? Ambiri a kwathu anadutsa m'minda ya malalanje kumeneko.

Gogo Nangozo, Highfield:
Zipatso za mtengo wa malemu mudzadya? Kwathu mango a kumanda sitidya, ngakhale apse bwanji amagwa okha.

Nabanda, Avenues:
Agogo, koma apa si kumanda. Munthu sanagone pamenepo. Agogo anga aamuna anadzala mango kwathu ku Kasungu, iwo anapita kalekale, mpaka lero timati mango a agogo ndipo timadya. Kukumbuka kwake n'komweko.

Gogo Nangozo, Highfield:
Amenewo anadzala okha ali moyo, n'zosiyana. Koma ndamva. Bola asatengeko dothi la pamanda n'kuthira mumgolomo, chifukwa ndamva ana a masiku ano akuchita zimenezo. Dothi la kumanda silibwera pakhomo. Ngakhale pobwera koika maliro timasamba kaye tisanalowe m'nyumba.

Nambewe, Mufakose:
Kunena zoona agogo, maganizo amenewo anandifikira. Ndinkati achimwene anditumizire kadothi m'kabotolo. Ndasiya. Mwina ndidzapemphe la pamunda pawo, pomwe ankalima kachewere.

Abusa opuma, Dzivarasekwa:
La pamunda palibe angakutsutseni, mwanangu, koma musadzivutitse nalo. Chikumbutso ndi chimene inu mwachipatula. Tsiku lodzala mudzatiitane, tidzapemphere, ana adzathire dothi ndi manja awo. Ndipo mwasankha mwezi wabwino, Loweruka loyamba la Disembala ndi tsiku lodzala mitengo m'dziko muno, mwambo umene unayamba mu 1980. Mvula imakhala itayamba, mbande zili paliponse.

Aphiri a Nazale:
Ndibwerere kwa mandimu a Nabanda. Ndi abwino, ndimagulitsa, ndipo phindu langa lili pamenepo, koma kwa mayiwa sindingawapatse. Mandimu mumgolo ndi mlendo wofuna kudya. Mukadumphitsa madzi mu Okutobala amayoyola maluwa ndi tizipatso. Chakudya chikachepa masamba amachita chikasu. Nyerere zimakwezako tinsabwe tomata pa nthambi, masamba n'kuda bii ngati mwaye, kenako mbozi za agulugufe zimadya nsonga. Nabanda amakwanitsa chifukwa amagwirira ntchito pakhomo.

Ine ndikanasankha pakati pa iwiri. Woyamba makangaza, mtengo wa zipatso zodzaza njere zofiira m'kati. Kwawo ndi kumayiko ouma a ku Iran ndi oyandikana nawo, ndiye dzuwa la Okutobala ndi chakudya chake, ndipo chisanu cha kuno sichiupha. Sukula kwambiri, mumgolo mutha kuusunga pa msinkhu wa munthu. Masamba ake anthete amatuluka ofiirira, pafupifupi ngati msasa umene bambo ankakonda uja, kenako maluwa ofiira. M'nyengo yozizira umayoyola masamba ena, koma kwa kanthawi kochepa. Wachiwiri ndi azitona wa m'tchire, wa kuno ku Africa konkuno, wa masamba ang'onoang'ono otuwa kunsi. Ameneyo ndi wobiriwira chaka chonse, amapirira chilala ndi chisanu, amakula pang'onopang'ono ndipo amakhala zaka zambirimbiri. Koma alibe maluwa ooneka, ndipo tizipatso take ndi ta mbalame. Mukafuna kuona mitengo ya kuno itakula musanasankhe, pitani ku National Botanic Garden ku Alexandra Park tsiku lopuma.

Chimene ndikukokera ku makangaza ndi nkhawa ya agogo ija, yoti ukadzauma. Mtengo uliwonse wa mumgolo ukhoza kufa, musanamizidwe. Koma makangaza amagwira ndi nthambi. Mu Julayi kapena Ogasiti mumadula nthambi zokhwima zonenepa ngati pensulo, kutalika masentimita 20 kapena 25, n'kuzika mumchenga wonyowa pamthunzi. Zambiri zimaphuka. Chomera pamenepo si mwana wa mtengo uja, ndi mtengo womwewo. Mukapatsa mchemwali wanu wina, wina n'kukhala kwa agogo ku Highfield, ndiye kuti ngakhale wa pakhonde panu utafa, mukatenga nthambi n'kuyambiranso, palibe chatayika.

Angozo, Mabvuku:
Nanga kachere? Nayenso amagwira ndi nthambi, ndipo ndi mtengo wa pabwalo, pomwe akuluakulu amaweruzira milandu. Makangaza ndi mtengo wa azimayi uwo.

Nasibeko, namwino:
Angozo, mitengo inayamba liti kuvala zitenje?

Aphiri a Nazale:
Kachere mumgolo amakhala, ndi wouma mutu kwabasi, ndikuvomera. Koma mizu yake ndi yakuba. Imatulukira pa zibowo za pansi, kulowa m'ming'alu ya simenti, kukasaka paipi ya kuchimbudzi. Tsiku losamuka mudzapeza mgolo wamera pansi, alandilodi ali chilili. Mukamufuna, mgolo ukhale pa njerwa ndipo muzisuzumira pansi mwezi ndi mwezi, muzu ukangotuluka dulani. Akanakhala kuti mayiwa ali ndi poti adzauike pansi m'tsogolo, kutali ndi nyumba, ndikanavomera.

Che Mdala wa ku Mbare:
Ife timawakonda makangaza ndi azitona onse, amatchulidwa m'Buku lathu la Korani. Kwa Abusa ndikhulupirira n'chimodzimodzi.

Abusa opuma, Dzivarasekwa:
N'chimodzimodzi Che Mdala. M'Baibulo, zooneka ngati makangaza ankazisokerera m'mphepete mwa mkanjo wa mkulu wa ansembe.

Nambewe, Mufakose:
Mtima wayamba kupita ku makangaza. Aphiri, mgolo wake ndiutani? Ndili ndi chidebe cha penti cha malita 20.

Aphiri a Nazale:
Cha malita 20 chikwanira chaka choyamba, mwina chachiwiri. Koma poti mukufuna wa mwambo, yambirani pa mgolo wa malita 200 wodula pakati. Ku Siyaso, kwa amisiri a zitsulo ku Mbare, amadula muli pomwepo. Funsani kuti munali chiyani, wa mafuta a galimoto kapena mankhwala ausiye. Wapulasitiki wabuluu uja ndi wopepuka ndipo suchita dzimbiri. Wachitsulo umatentha, masana a Okutobala simungaugwire ndi dzanja, ndiye mizu ya m'mbali imapsa. Mukatenga wachitsulo upakeni penti yoyera kapena muukulunge ndi mphasa yakutha.

Zibowo pansi, zambiri, zoti chala chilowe. Izi ndiye nkhani yaikulu. Mitengo ya mumgolo imene anthu amandibweretsera itadwala, yambiri si ya ludzu, ndi yomira. Mu Januwale mvula ikagwa sabata yathunthu, mgolo wopanda zibowo umasanduka chithaphwi, mizu imawola, masamba amafota, mwini wake poona kufota amawonjezera madzi. Mgolo ukhale pa njerwa zinayi kuti madzi azituluka, komanso chiswe chisapeze njira.

Dothi musangokumba kuseri kwa nyumba. Katondo yekha mumgolo amauma ngati njerwa, makande a kudambo ndiye oipitsitsa. Sakanizani magawo awiri a dothi lapamwamba la m'munda, gawo limodzi mchenga wa kumtsinje wokhakhala, gawo limodzi manyowa owolerana, oti mukanunkhiza akumveka dothi osati khola. Zitosi za nkhuku zaziwisi zimawotcha mizu. Musadzaze mpaka pakamwa, siyani mpata wa zala zinayi wothirira, ndipo pamwamba phimbirani ndi udzu wouma kapena makoko a mtedza, osagunditsa ku thunthu.

Nabanda, Avenues:
Mwaiwala miyala pansi, Aphiri. Ine chidebe chilichonse ndimayamba ndi miyala.

Aphiri a Nazale:
Sindinaiwale. Miyala sithandiza madzi kutuluka, imangodya malo a mizu ndi kulemeretsa mgolo. Madzi amaima m'dothi pamwamba pa miyalayo. Phale limodzi pa chibowo chilichonse kuti dothi lisatayike, basi.

Nabanda, Avenues:
Amayi anga ankaika miyala ndipo maluwa awo sanafe. Apa tisiyana.

Aphiri a Nazale:
Sanafe chifukwa zibowo zinalipo. Koma ikani, si mlandu.

Make Chisomo, Glen View:
Ine funso langa ndi la madzi. Kuno timatunga pa mjigo, pamzere, ndiye madzi abwino kuthira mtengo ndi zovuta. Ochapira zovala sangachite?

Aphiri a Nazale:
Otsukuluzira omaliza angachite mwa apo ndi apo. Oyamba a sopo waufa ayi, ali ndi mchere wambiri, ndipo mumgolo mcherewo ulibe kothawira, mudzaona zoyera m'mbali ndi masamba opsa m'mphepete. A jiki ndiye musayerekeze. Abwino ndi otsukira mpunga, masamba ndi mbatata, amene mumataya tsiku lililonse. Kathiridwe kake, pisani chala m'dothi mpaka chilowe chonse. Mukamva chinyezi, dikirani. Mukamva kuuma, thirani kwambiri mpaka atulukire pansi. Kuwaza pang'onopang'ono tsiku ndi tsiku kumangonyowetsa pamwamba. Nthawi yotentha zikhoza kukhala kawiri kapena katatu pa sabata, yozizira kamodzi. Zipatso zikayamba kukula yesetsani kusadumphitsa, chifukwa makangaza akauma kenako n'kulandira madzi ambiri mwadzidzidzi amang'ambika.

Angozo, Mabvuku:
Palibe amene wanena za kulemera. Theka la mgolo lodzaza dothi lonyowa limapitirira makilogalamu 100. Achemwali akuti azidzakweza limodzi ndi katundu, adzakweza ndani?

Che Mdala wa ku Mbare:
Mukamadula musiye zogwirira, kapena awotcherere ziwiri m'mbali. Sabata yosamuka osathirira, umapepukako. Amuna atatu akweza. Angozo mudzakhala woyamba kuitanidwa poti mwafunsa.

Nasibeko, namwino:
Kuwonjezera za mwana uja: makangaza ali ndi timinga ku nsonga za nthambi zina. Si zoopsa ngati nkhadze, koma nthambi za m'munsi muzidulira, zomwe zili pa msinkhu wa maso ake.

Aphiri a Nazale:
Zoona. Amatulutsanso mphukira zambiri patsinde, muzizichotsa kuti ukhale mtengo osati chitsamba, musiye thunthu limodzi kapena atatu. Ulipo mtundu wina waufupi wosapitirira mita imodzi, wokongola koma tizipatso take ndi towawasa, pogula mufunse kuti akupatsani uti. Ndipo pakatha zaka ziwiri kapena zitatu, kumapeto kwa nyengo yozizira, mumaugoneka mgolo, kuusolola mtengo, kudula mizu yozungulira m'mbali ndi mpeni wakuthwa, n'kubwezera ndi dothi latsopano. Anthu amaopa kuchita zimenezi pa mtengo wa chikumbutso, amati ndikuupweteka. Mukausiya ndiye umadzitsamwitsa wokha. Chaka chilichonse mvula ikamayamba, palani dothi la pamwamba n'kuikapo manyowa atsopano.

Gogo Nangozo, Highfield:
Kuseri kwanga kuno ulipo wa makangaza, unadzalidwa ndi malemu amuna anga ana akadali kusukulu. Sindiuthirira, umangobereka. Nambewe, usagule. Bwera udzadule nthambi kuno, bambo ako anakhalapo pansi pake kangapo akubwera ku msonkhano wa bungwe la maliro.

Nambewe, Mufakose:
Agogo, mwandiliza ndili mu kombi. Ndibwera. Aphiri, panopa tili pakati pa Ogasiti, nthambi ikhoza kugwira n'kufika Disembala ili yoti tidzale?

Aphiri a Nazale:
Mwachedwa pang'ono koma nthawi ilipo, bola Loweruka lomweli, isanayambe kuphuka kwambiri. Dulani zisanu ndi imodzi kapena kuposa, si zonse zigwire. Kumunsi dulani pansi pa mfundo, chotsani masamba, zikani theka lake m'timachubu ta mchenga wosakaniza ndi dothi pang'ono, muike pamthunzi. Zikatulutsa masamba musazizule kuti muone mizu, masamba amatsogola mizu isanabwere. Pofika Disembala zidzakhala zazing'ono, mwina kufika m'bondo ngati zakondwa. Kambande kotero mumgolo waukulu kamamira, ndiye chaka choyamba mugwiritse ntchito chidebe chanu cha malita 20 chija, mgolo udikire. Koma agogo ayang'anenso patsinde, pakhoza kukhala mphukira yomwe ili kale ndi mizu yake. Imeneyo mukaipatula ndi khasu bwinobwino ndiye yachangu.

Gogo Nangozo, Highfield:
Zilipo zambiri, ndimachita kuzitema. Ubwere ndi khasu lako, langa linaguluka mpini.

Angozo, Mabvuku:
Ine ndikadali pa kachere. Koma nthambi imodzi mundisungireko, ndiyese.

Nambewe, Mufakose:
Ndikusungirani Angozo, ina ya Make Chisomo. Agogo, ndifika cha m'ma 9 koloko ndikatha kuchapa. Che Mdala, za mgolo tidzakambirana chaka chamawa, koma chidebechi ndibowole ndi chiyani, msomali wamoto ukwana?

Che Mdala wa ku Mbare:
Msomali zibowo zake zimachepa. Tenthetsani kachitsulo ka konkire pa mbaula, mubowolere panja chifukwa utsi wa pulasitiki ndi woipa. Zisanu ndi zitatu pansi, zina zinayi m'mbali chakumunsi.